Ng'ombe Yachiwiri pa Goli la aZuze

Ndinali m'chigafa ndikusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni wa masamba, pamene njinga yamoto inaima pabwalo. Sindinadzuke. Njinga zochokera kuchipatala ku Furankungo zinali zitandiphunzitsa kusathamanga, pakuti nthawi zonse zinkatsitsa mwana wanga Delifina ali ndi nsapato imodzi, phazi linalo litakulungidwa nsalu zachipatala, nkhope ili pansi. Ndinangosuzumira pakati pa masamba. Phazi lamanzere linatsika, lili m'nsapato. Phazi lamanja linatsika, nalonso lili m'nsapato. Nsapato ziwiri, anthuni, nsapato ziwiri. Mwana wanga waponda dziko ndi nsapato ziwiri.

"Amayi, tulukani m'fodyamo," anatero Delifina. "Bala lapola. Atekiniku, adokotala athu aja, akuti za kudula phazi tiiwale. Shuga watsika, ali pa seti."

Manambala a kuchipatala ine sindiwadziwa. Ndimangodziwa kuti kale kamakina kobaya chala kaja kankati vinti, atekiniku n'kugwira pakamwa. Lero kati seti, atekiniku aseka. Ndinatuluka singano ya fodya ikadali m'manja, ndikuimba, ndikuzungulira njinga, woyendetsa akundizemba kuti ndingamubaye. Ndinaimba, ndinaimba, kenaka ndinakumbukira, n'kuisiya nyimbo panjira. Mwezi womwewu chaka chatha, fodya ali m'chigafa chomwechi, tinaika m'manda alongo anga aZuze. Phazi limeneli ndi nkhani yawo. Analiika pangozi ndi iwo, analiwombola ndi iwo, ndipo sanalione litapola.

AZuze anali oyamba m'mimba mwa amayi athu, ine mzime. Kuno ku Chidzolomondo ankawaitana aMbewe a ng'ombe. Za ng'ombezo anaziphunzira kwa apongozi awo ku Tsangano, kumene anatenga alamu anga aNajere. Anali munthu wamtali, wouma ngati mpini, wosaseka pagulu. Ng'ombe ankazilankhula mwaulemu. Ukadutsa pamunda pawo unkamva, "Tiyeni bambo, tatsala pang'ono. Inu akumanzere, musanamize anzanu." Koma iwe munthu ukawapatsa moni wautali, ankakudula pakati n'kukufunsa chimene wadzera.

Mowa sanaulawe chibadwire. Anali mkulu wa mpingo, ndipo dzina limenelo ankalisunga kuposa nkhokwe. M'mawa sankadya kanthu. Ankati mwamuna wodya asanapite kumunda wanyamula tulo n'kukalima nato. Ankatinso goli silinama, ng'ombe imodzi ikachita ulesi mzere umakhota, ndipo aliyense wodutsa pamsewu amaona. Ife tonse, ine ndi ana anga ndi zidzukulu, tinali mbumba yawo. Ukwati sunkamangidwa iwo asanayankhule. Wodwala sankakwera njinga ya kuchipatala iwo asanati pitani. Sanali ankhanza ayi. Chimanga chikatithera, ngolo yawo inkafika tisanapemphe, n'kutsitsa matumba, n'kubwerera osamwa ngakhale madzi.

Matenda a shuga anawafika ndi ludzu. Ankamwa chikho, chikho, chikho, n'kumangopita kuseri. Ku Furankungo anawapatsa mbulu waukulu woyera, umene Delifina amautchula bwino kuti metiformina. Alongo anga ankapatsa dzina chilichonse cholowa m'goli, ndiye mankhwalawo anawatcha Nkhalamba, chifukwa amakoka pang'onopang'ono osachita phokoso. Kuyambira pamenepo aNajere anasanduka msilikali. Shuga wam'nyumba anamubisa kudenga. Nzimbe zinkathera pachipata. Thobwa ankanunkhiza kaye, n'kulibweza. Akazi ena amasonyeza chikondi ndi kuphika, alamu anga ankachisonyeza ndi kulanda.

Nkhalamba inakoka yokha zaka zingapo, kenaka inayamba kulephera. Ludzu linabwerera. Achipatala anati oyambawo asasiye, koma awonjezerepo kambulu kena kakang'ono. AZuze anakondwa. Anati ng'ombe imodzi sinalimepo munda, mankhwala anzeru ndi amene amayenda awiriawiri. Kachiwiriko anakatcha Liwiro, pakuti shuga anatsika msangamsanga. Anauzidwa kuti azidya akamwa, iwo eni ankavomera kuti anauzidwa. Koma munthu amene wakalamba osadya m'mawa, mawu otere amamulowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Ndiye kunagwa maliro ku Tsangano, kwawo kwa aNajere, nthawi yozizira, mphepo ya kumeneko yolowa m'mafupa ija. Tinagona kwa achibale ena kutsidya kwa dambo. Kutacha, alongo anga anamwa Nkhalamba ndi Liwiro ndi madzi okha, tinayenda wapansi mpaka pasiwa. Pamaliro munthu wamkulu sapempha chakudya, amadikira. Dzuwa linakwera, nyimbo zinapita, chakudya chisanapse. Abusa atapempha aZuze kuti apemphere m'malo mwa alendo, ndinaona thukuta likuyenderera m'khosi mwawo, m'mphepo imene ija. Anaimirira akunjenjemera. Anayamba bwino, kenaka mawu anasokonekera. Anatchula ng'ombe zawo m'pemphero. Analoza abusa chala n'kuwauza kuti achoke mumzere akupondereza mbewu. Anaseka, munthu wosaseka uja, anaseka pamaso pa bokosi.

Ndinamva kunong'ona kukuyenda ngati moto wa m'udzu. "Aledzera." "Mkulu wa mpingo ameneyu?" "Kwawo ku Makanga mowa amauyamba m'mawa." Kenaka anagwa, khu, nkhope m'fumbi.

Mayi wina anathamanga ndi chikho cha thobwa. ANajere anamutchinga ndi thupi lonse. "Musawapatse, ali ndi shuga. Mukufuna kundiphera mwamuna?" Tonse tinavomereza. Munthu wa shuga sapatsidwa zotsekemera, zimenezo ngakhale mbuzi ya pamudzi pathu inkadziwa. Tinawakupiza ndi zitenje, tinawathira madzi, tinapemphera, iwo maso akutembenuka. Pagulu la olira panali namwino wa ku Tsangano komweko. Anafunsa mankhwala amene amamwa, anafunsa ngati adya, n'kuthamangira kumene amaphika. Anabwera ndi shuga m'dzanja, anamunyowetsa, n'kuyamba kuwapaka m'kati mwa tsaya. ANajere anamugwira mkono, anamukoka mpango. Namwinoyo anangoti, "Mayi, shuga wawo sanakwere, watsika. Mukandiletsa, maliro akhala awiri." Alamu anga anamusiya, n'kukhala pansi, n'kubisa nkhope. Posakhalitsa aZuze anaphethira, anayang'ana anthu onse atawazungulira, n'kufunsa chifukwa chimene buluku lawo lanyowera.

Imfa imene anaizemba sinawapweteke. Chinawapweteka ndi liwu lija lakuti aledzera. Linafika ku Chidzolomondo ife tisanafike. Namwino anawauza kuti akaonane ndi achipatala awasinthire mankhwala, iwo sanapite. Anataya Liwiro m'chimbudzi, anasonkhanitsa mbumba, n'kulamula. Mankhwala oyamba aliyense amwe. Koma achiwiri, owonjezera, wa mbumba yawo asadzawalawe iwo ali moyo. Anatsala ndi Nkhalamba yokha ndi masamba owawa a nimu. Ankaonda tikuona, ankatsinzina poyang'ana patali, koma ukawafunsa ankati ali bwino kuposa iwe.

Alongo anga, alongo anga. Lamulo analiika likuyang'ana iwo, linakagwera mwana wanga.

Delifina ndi mayi wa ana ake, wolima fodya ndi nyemba, wosadziwa kukhala pansi. Shuga anamupeza ali ndi zaka za pakati. Anayamba metiformina, inamuthandiza, kenaka nayenso inamuchepera. Nthawi yososa m'munda anaponda chitsa cha chimanga, chinamulasa pansi pa chala chaching'ono. Sanamve kuwawa, ndiye sanasamale. Kabala kangati kambewu ka nyemba kanakula, kanayamba kutulutsa madzi. Ku Furankungo ankatsuka, ankamanga, anamupatsa mankhwala a bala, koma atekiniku ananena mosabisa kuti bala silipola shuga ali kumwamba, pafunika mankhwala achiwiri. Delifina anakana. Anali ataona amalume ake akubwera ku Tsangano atazyolika, ndiponso lamulo analimva ndi makutu ake. Ndinapita kwa mwamuna wake Luwisi kuti alankhulepo. Anati, "Amayi, ine ndine tambala wobwereka pakhomo pano. Thupi ili lili ndi eni ake."

Ndinapita kwa eni akewo. Ndinawapeza akukonza goli.

"Achimwene, mwana akuwola."

"Akutsuka kuchipatala."

"Kutsuka kokha sikukwanira. Akuti awonjezere mankhwala."

"Nambewe, unalipo ku Tsangano kapena unatuma maso ako okha?"

"Ndinalipo. Ndinaonanso kuti munapita osadya."

Anaika goli pansi. Chibadwire sindinawayankhepo choncho. Anandiuza kuti ine ndikufuna mwana adzagwe pamsika, anthu adzati Naphiri, Delifina wangayo, wayamba kachasu. Ine ndinati bola amuseke ali ndi miyendo iwiri. Anati ndatha ulemu. Ndinati ulemu ndili nawo wodzaza nkhokwe, koma sindingaumange paphazi la mwana. ANajere anatuluka m'nyumba n'kutiuza kuti tikukalipitsa agalu. Ndinabwerera ndikulira njira yonse, ndipo kutchalitchi tinakhala osapatsana moni.

Tsiku lina m'mawa ndinangoona atulukira pakhomo pa Delifina. Sanapereke moni. Anati, "Naphiri, masula." Anamasula nsalu. Fungo linatuluka, ntchentche zinabwera. Alongo anga anagwada, munthu wosagwadira aliyense koma Mulungu, anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati kwa ine, "Mawa undiperekeze ku Furankungo. Ndikawafunse ndekha."

Atekiniku a kumeneko ndi mayi wamfupi wa magalasi, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuseka. AZuze analowa chipewa chili kumutu.

"Bondiya, papa Mbewe. Mwasowa zaka. Tinkayesa munasamuka."

"Sindinadzere moni. Ng'ombe yanu yachiwiri inandikokera m'dzenje. Tsopano mukufuna kuimanga pa mwana wa mlongo wanga."

Mayiyo anatulutsa timapaketi n'kutiyala patebulo. Ndinamvetsera ndi makutu onse, ndipo ndikunena monga ndinamvera. Anati oyambawo amagwira ntchito mwakachetechete, paokha sagwetsa munthu kawirikawiri, ndipo akachepa mphamvu sawachotsa, amawapezera mnzawo. Anati amene anawagwetsa aja, gilibenkalamida, amatsitsa shuga mwamphamvu, amakhalitsa m'thupi, ndipo safunsa ngati wadya. Kwa munthu wachikulire wosadya m'mawa ndi oopsa. Anakankha kapaketi kena. Awa, anati, ndi gilikalazida, pachibale ndi aja, koma ofatsirapo. Anati aliponso ena ku Tete otulutsa shuga mumkodzo, amene sagwetsa munthu kwenikweni, koma amaumitsa thupi, kuno sapezeka wamba, ndipo munthu wa bala kuphazi iye sangamuyambitse amenewo.

"Ndiye mukundipatsa mng'ono wake wa yomwe inandigwetsa," anatero aZuze.

"Eya, mng'ono wake, sindikunamizani. Nayenso akhoza kugwetsa munthu wosadya. Chingwe chake ndi chakudya, papa. Mumwe ndi chakudya, musadumphe chakudya, m'thumba muziyenda ndi kanthu kotsekemera."

"Mankhwala opanda choipa mulibe?"

"Inu ng'ombe yopanda nyanga kapena mwendo woponda nawo munaionapo?"

Alongo anga anatsala pang'ono kumwetulira. Anatambasula dzanja kuti awabaye chala. Kamakina katanena zake, mayiyo anavula magalasi. Anati iwonso akufunika mankhwala achiwiri kuyambira kalekale, ndipo magazi awo apite akaone impso.

"Purontu, basi," anatero aZuze. "Ndiyambe ine. Ng'ombe yatsopano sayesera m'munda wa mwana."

"Thupi lanu si thupi la Delifina. Zochitika mwa inu sizinena za iye. Ndipo phazi lija silidikira, papa."

"Ndamva. Koma pakamwa panga sipangalole chimene mimba yanga sinalawe."

Atekiniku anandiyang'ana ine. Anati Delifina ndi munthu wamkulu, akhoza kubwera yekha kudzatenga. Ndinakamuuza mwana. Anati adikira amalume.

Masiku amene anatsatira sindifuna kuwakumbuka, koma ndiwanena. Mankhwala atsopano aZuze anawatcha Phee. M'mawa uliwonse aNajere ankaphika phala, ndipo mwamuna amene ankanyoza odya m'mawa ankakhala pakhonde ndi mbale ngati khanda, anzawo akudutsa ndi makasu akuseka. Analima, sanagwe. Anapita kumsika wapansi, sanagwe. Ludzu linachepa. Ndinati basi, lolani. Anati kumunda si mayeso, kumsika si mayeso. Anagwera pamaliro, ayesera pamaliro.

Ine mkhristu, ine woimba kwaya, ndinkadzuka m'mawa n'kutchera khutu kumidzi, kumva ngati kwina kwabuka kulira. Ndinkadikira munthu wa eni afe kuti mwana wanga amwe mankhwala. Uku chala cha Delifina chikuda. Chinayamba ngati chapsa ndi moto, kenaka bii ngati khala. Ana ake anasiya kudyera naye pamodzi. Ndinkamutsuka ndikuimba kuti asamve kuti ndikulira. Phazi iwe dikira, phazi iwe dikira, amalume ako akuyesa ng'ombe.

Maliro anagwa mvula yoyamba itagwa, gogo wina wa mudzi woyandikana nafe. AZuze anadya phala, anamwa Nkhalamba ndi Phee, anavala jekete, tinapita. Anakhala kutsogolo ndi akuluakulu a mpingo. Ine maso anali pakhosi pawo, kufuna thukuta. Dzuwa litafika pamutu, abusa ali pakati pa ulaliki, chakudya chisanatuluke, alongo anga anapisa m'thumba la jekete. Anatulutsa mbatata ya kachewere yowiritsa. Anaisenda bwinobwino ndi chikhadabo, makoko n'kubwezera m'thumba. Anadya. Anatulutsa ina. Azimayi anagundana zigongono. Mnzawo wa ubwana aKhondowe anawaweramira, koma mawu awo anamveka mpaka kwa ife.

"AMbewe, mwabwera ndi kamba pamaliro? Mumaopa kuti anamfedwa akumanani?"

"Ndinagwa anthu akuonerera," anatero aZuze. "Lero onererani ndikudya. Mukafuna, yachitatu ilipo."

AKhondowe analandira. Anthu anabisa kuseka m'zitenje. Kumanda alongo anga anapemphedwa pemphero lotsekera, anaimirira chilili, mawu onse ali mumzere, ameni wake womveka. Pochoka sanapite kwawo. Anafika pakhomo pa Delifina dothi la kumanda likadali kunsapato.

"Naphiri, mawa ukwere njinga. Ukatenge, ukamwe. Uzidya, wamva? Akuseke, uzidya."

Koma phazi silinadikire lonse. Ku Furankungo atamasula nsalu anamutumiza ku Tete tsiku lomwelo. Kumeneko anachotsa chala chakudacho, anamusunga pa jakisoni mpaka shuga atatsika, n'kumubweza ndi mankhwala awiri aja, ndi mawu akuti bala likapanda kutseka adzadula pamwamba. Delifina atabwera, aZuze anadzaona phazilo. Anawerenga zala ndi maso, anafika pamene panalibe. Sanapepese, sankadziwa kupepesa. Anangoti, "Mzere uwu ndakhotetsa ndine." Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse ankaima pachipata n'kufunsa mawu amodzi okha, ngati wadya. Delifina akati eya, ankapita.

Iwo eni anali atachedwa. Zaka zimene anakana ng'ombe yachiwiri zinali zitadya impso mwakachetechete. Achipatala anawasinthira mankhwala, anayesetsa, koma miyendo inatupa, nkhope inatupa, mpweya unayamba kuchepa. Ng'ombe zawo analimitsa ena. Atalephera kufika pachipata, ankatuma aNajere kudzafunsa funso lomwe lija. Tsiku lomaliza ndinawapeza atatsamira khoma, dzuwa likulowa. Anandifunsa ngati bala latseka. Ndinafuna kunama. Anandiyang'ana, ndinalephera. Ndinati silinatseke, koma lafiira, lasiya kununkha. Anagwedeza mutu. Anati kufiira ndi chiyambi. Sanayankhulenso za ilo.

Chaka chonse Delifina wadya m'mawa, wamwa awiri ake, wayenda ndi timasiwiti m'mpango, wakwera njinga kukatsukitsa. Kawiri anamva kunjenjemera ali kumunda, anakhala pansi, anadya, kunatha. Bala linkatseka ngati likuchita manyazi, pang'ono, pang'ono, mpaka tsiku la nsapato ziwiri lija.

Madzulo anthu anadzaza pabwalo. Kwathu kuno uthenga wa mbumba umayamba wauzidwa kwa mwinimbumba, iye akati tamva, ndiye azimayi amaimba nthungululu. Wolowa m'malo mwa aZuze sitinamukhazikebe. Anthu anayala mphasa, anabweretsa mipando, koma onse anazungulira malo amodzi. Pafupi ndi nkhokwe yanga pali mwala wonolera nkhwangwa, wosalala pamwamba. Alongo anga akabwera kudzamva nkhani za mbumba ankakhala pamenepo, chammbali, ngati munthu amene sakhalitsa. Pano udzu wamera mozungulira. Nkhuku zakumba dzenje losambira fumbi pamene ankaponda. Nkhwangwa zathu chaka chino zanoledwa kwina.

Delifina anagwada kuyang'ana mwalawo. Anati, "Amalume, bala lapola. Phazi latsala." Panalibe woyankha. Azimayi anali atakweza kale manja kukamwa, akudikira. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko, kufuna wamkulu woti ayankhe, ndipo ndinaona kuti onse akuyang'ana ine. Wa mimba ija ndatsala ndekha. Ndinati, "Tamva."

Nthungululu inang'amba mudzi. Tinaimba mpaka mbuzi zinabwerera zokha m'khola. Anabwera aKhondowe ndi ndodo yawo, ndi akazi awo aNabanda. Anabwera Luwisi, tambala wathu, atagwira nkhuku yeniyeni kumanja. Anabwera ana a Delifina, Marita, Paulino ndi Roza. Anabwera aNankhoma a kwaya ndi aNasoko oyambitsa nyimbo, aFilipo a ngolo, aVeronika a kutsidya ndi mpongozi wawo Sesiliya, aGasipari oyendetsa njinga amene anakana kubwerera ku Furankungo asanavine. Anabwera aNatembo, aNazulu, aEliyasi ndi aBenedito. Ndi alamu anga aNajere, amene anafika pomalizira, anayala chitenje chawo pansi, n'kukhala pambali pa mwala.